Klatchi ya pa Ukwati wa Trevor

Ku Nkopola, kuseri kwa mahotela, kunali khomo limodzi limene munthu sankadutsa osapotoza khosi. Sikuti nyumba yake inali yodabwitsa ayi, inali ya njerwa zootcha ndi malata a dzimbiri ngati zinzake. Chokoka maso chinali galimoto yofiira psuu imene inkagona pansi pa mtengo wa bwemba, yaifupi, ya matayala otambalala, ya nyali zinayi zotuzuka kutsogolo ngati maso a nkhanu. Mwini wake anali a Basil Mkwanda, mwana wa ku Malindi, Mkhristu wa Anglikani, amene anakhala zaka makumi awiri akukonza mainjini a maboti pa hotela ina ya kufupi pomwepo.

Galimotoyo anaigula kwa mzungu wina wa esiteti ya fodya ku Namwera, amene ankathamanga nayo pa mipikisano asanabwerere kwawo. Inali yokoka ndi mawilo onse anayi, ndipo ikalira, nkhuku za mudzi wonse zinkathawira kunsi kwa nkhokwe. A Basil ankaikonda kuposa mmene amuna ena amakondera ng'ombe zawo. Palibe makaniki amene analoledwa kuikhudza.

"Injini ndi injini," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Ya pamadzi, ya pamtunda, zonse zimandidziwa dzina."

Pakhomo pomwepo pankakhalanso bambo wina wofatsa, dzina lake Domingos. Anathawa nkhondo ya ku Mozambique m'chaka cha 1987, nalowera ku Katuli wapansi, iye ndi mkazi wake Lusia, atasenza mphasa ndi poto mmodzi. Atatopa ndi moyo wodikira chimanga cha pamzere kumsasa wa othawa nkhondo, anatsikira kunyanja kudzafuna maganyu. A Marita, akazi a a Basil, anawapatsa kanyumba ka kuseri, Domingos nakhala wothirira dimba la tomato ndi mpiru. Zaka zitatu zinatha a Basil asanamufunsepo kuti kwawoko ankagwira ntchito yanji. Kwa iwo, munthu wobwera ndi mphasa pamutu analibe china choti n'kufotokoza koma njala.

Kumayambiriro kwa 1990, mwana wawo wachisamba, Trevor, anapeza mbeta ku Katuli, Esther, mwana wa aphunzitsi. Ukwati anaukonza kuti udzamangidwe kwawo kwa mkazi Loweruka lomaliza la February, mvula ili pachimake. Akuchikazi anadandaula kuti msewu wa kumeneko nthawi ya dzinja umasanduka phala, moti ngakhale malole onyamula chakudya cha othawa nkhondo amagona m'matope masiku awiri. A Basil anangoseka.

"Asewere, musavutike mtima," anauza bambo a Esther pamaso pa ankhoswe a mbali zonse ziwiri. "Mkwati ndidzamutula ndekha pakhomo la tchalitchi, suti yake yopanda dontho la thope. Potuluka, ana athuwa adzakwera galimoto imene Katuli sanaionepo chilengedwere."

Mawuwo anayenda ngati moto wa m'tchire. Anthu a ku Katuli anayamba kudikira galimoto kuposa mkwati.

Patatsala sabata zitatu, asodzi ena anapempha a Basil kuti awakokere boti lalikulu limene linatitimira mumchenga. Nzeru inali yoti akane, koma panali anthu ambiri oonerera, ndipo a Basil sankakana ntchito pamene pali maso. Anamanga chingwe, naponda mafuta, phazi lina likusewera pa klatchi. Boti linatuluka ndithu, anthu nawomba m'manja, koma fungo lonunkha ngati tsitsi lopserera linadzaza m'galimoto monse. Pobwerera kunyumba injini inkangolira mokweza, galimoto ikukwawa ngati kamba. Klatchi inali itapsa.

Anatumiza uthenga ku Blantyre. Mmwenye wina wogulitsa masipeya anafufuza Limbe yense, mpaka anapeza klatchi puleti imodzi yokha, mbale ija ya chitsulo imene imalumikiza injini ndi giyabokosi. Inafika pa basi Lolemba la sabata ya ukwati. Trevor anapempha bambo ake kuti aitanitse makaniki wa ku boma.

"Ndiitane munthu adzandiphunzitse kumasula bawuti pakhomo panga?" anayankha a Basil. "Iwe Domingos! Siya ndowayo. Bwera ukumbe dzenje pansi pa bwembapa, lofika m'chiuno."

Domingos anakumba. Anakankhira galimoto pamwamba pa dzenje, namangirira tcheni ku nthambi ya bwemba kuti chigwire injini. A Basil analowa pansi ndi masipanala awo, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Domingos anagwada m'mphepete, akusuzumira.

"Patarawu," anatero mwa Chichewa chake chopendekera ku Chipwitikizi, kutanthauza kuti bwana, "galimoto iyi ili ndi mashafuti atatu opititsa mphamvu ku mawilo. Awiri a kutsogolo, imodzi yaitali ya kumbuyo. Muyambe mwakhetsa oyilo wa m'giyabokosi musanazule."

"Tomato wathirira?"

"Ndathirira, patarawu."

"Kathirirenso."

Domingos anapita. Sipanatenge nthawi, a Basil anazula shafuti yaitali ija, oyilo wakuda bii nawakhuthukira kumaso ndi m'khutu. Anatuluka m'dzenje akulavula, akutukwana amene anapanga galimotoyo. A Marita, omwe ankasankha nyemba pakhonde, anaphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

Komabe ntchito inayenda. Pofika Lachiwiri masana giyabokosi inali pansi, chimphona cha chitsulo cholemera ngati thumba la chimanga ndi theka. Anachotsa puleti yakale, yopserera mpaka zitsulo kuonekera, naiponya m'dzala kuseri kwa khitchini. Anaika yatsopano, yonyezimira, naitsinzinira diso limodzi kuti aone ngati ili pakati, namanga. Kenaka anaitana Trevor ndi Domingos kuti anyamule giyabokosi.

Anaikweza, anaikankha. Inalowa pang'ono, n'kuima. Panatsala mpata wa zala ziwiri pakati pa giyabokosi ndi injini. Anaigwedeza uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, koma inakana kwamtuwagalu.

"Patarawu, titsitse," anatero Domingos akupumira m'mwamba. "Puleti sinakhale pakati. Mano a shafuti sakukumana ndi mano ake. Pamafunika kamtengo kolondolera, tikhoza kusema lero lomwe. Chitsulo ichi chimalowa chokha, sichikakamizidwa."

A Basil anamva ngati wina wawathira tsabola m'maso. Kuuzidwa zochita ndi wa kudimba, mwana wawo akumva!

"Kamtengo? Galimoto ya mpikisano uikonze ndi kamtengo? Kodi kwanu kuja kunali galimoto, kapena ngolo za abulu? Gwira chitsulocho, pakamwa utseke."

Anatenga mabawuti aatali, nawalowetsa m'mabowo, nayamba kumanga kuti mabawutiwo akoke giyabokosi mwamphamvu. Bawuti iyi pang'ono, iyo pang'ono. Mpata unayamba kuchepa. A Basil anamwetulira. Atakoka sipanala komaliza, m'katimo munamveka kaphokoso, khwa! kakang'ono ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Domingos anatsinzina, nagwetsa mutu.

"Wamva? Yakhala pamalo pake," anatero a Basil akupukuta manja.

Lachitatu m'mawa anamaliza kubwezera zonse. Analiza injini, inabangula bwinobwino. Anaponda klatchi, nakankha giya. Galimoto inakukuta mano, khrrr! Anayesa yachiwiri, anayesa livesi, zonse zinakana, galimoto yonse ikunjenjemera ngati wodwala malungo. Anatsitsanso giyabokosi masana omwewo, kanyimbo kaja kataiwalika. Puleti yatsopano inatuluka itapindika pakati ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe, mano ake ataphwanyika.

Anathamangira ku hotela kukaimba lamya ku Blantyre. Mmwenye uja anawauza kuti ina kulibe m'dziko lonse, kuitanitsa ku Joni kungatenge sabata zisanu ndi imodzi. Anaganiza zosuntha tsiku la ukwati, koma Lachitatu lotsatira linali la Phulusa, ndipo ansembe sadalitsa ukwati m'nyengo ya Lenti. Anafunsa eni malole awiri ku boma, onse anakana kupititsa galimoto zawo ku Katuli mvula yotere.

Anabwerera kunyumba. Trevor anawadikira pa chipata.

"Ababa, ndiye ndiwauze chiyani akwawo kwa Esther? Mbuzi agula kale. Anthu a kwaya akhala akuphunzira nyimbo mwezi wathunthu."

"Ndikuganiza," anayankha a Basil.

"Ine ndinyamuka mawa pa njinga. Ndikafike ndi matope m'makutu, bola ndikafike."

Mawuwo anawalasa kuposa kutukwana. Anakakhala pa chitsa pafupi ndi dzenje, puleti yopindika ili m'manja, akuitembenuza ngati ingasinthe maganizo. A Marita anabwera ndi kapu ya madzi, naima osawapatsa.

"Bambo a Trevor, ndikufunseni. Munthu uja mumamuti wa kudimba, mukudziwa ankatani kwawo?"

"Ndi nthawi ya nthano ino?"

"Lusia anandiuza kalekale tikusinja. Mwamuna wake wakhala zaka khumi ndi zinayi m'galaja ku Nampula, akukonza galimoto za Apwitikizi za mpikisano ngati yanuyi. Nkhondo itavuta, ndiye ankayendetsa maambulasi a chipatala cha kwawo popanda sipeya ndi imodzi yomwe. Mpope wa pachitsime chathu muja unasiyira kuvuta, mumayesa unadzichiza wokha?"

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Inu mumauzidwa? Wakuuzani kawiri sabata ino, ine ndili pakhondepa. Mwamutuma kukathirira tomato wothirira kale."

Anawapatsa madziwo, nabwerera. A Basil anakhala pa chitsapo nthawi yaitali. Kuchokera pa bwemba kukafika kudimba panali mapazi osakwana makumi asanu, koma unali ulendo wautali kuposa wa ku Katuli. Pomaliza anadzuka, navula chipewa, nayenda.

Anamupeza Domingos akumangirira tomato ku timitengo.

"Che Domingos," anayamba a Basil. Chiyambire anali asanamutchulepo ndi ulemu wotero. "Ndakulakwirani. Ndakunyozani pamaso pa mwana wanga, pomwe inu mumanena zoona. Ngati pali nzeru ina, ndithandizeni. Ngati palibe, mungondikhululukira."

Domingos anapukuta manja pa kabudula, nalandira puleti ija. Anaiyang'ana mbali zonse, naigogoda ndi chikhadabo.

"Yakale ija munaitaya kuti?"

"M'dzala."

"Tiyeni tikaitole. Nkhondo inatiphunzitsa kuti chitsulo sichifa thupi lonse tsiku limodzi."

Anakaifukula pakati pa phulusa ndi makoko a chinangwa. Domingos anaziika ziwirizo pa benchi, nayamba kufotokoza ngati mphunzitsi.

"Onani. Yakale yapsa malayining'i, tizigamba tokhakhala ta m'mphepetemu, koma chitsulo cha pakati n'chowongoka, mano ali bwino. Yatsopano yafa pakati, koma tizigamba take sitinakhudzidwe. Tivula malaya a iyi, tiveke iyo. Vuto ndi maliveti, timisomali tokhomera tizigambati. Pamafunika a kopa."

Apa nkhope ya a Basil inawala koyamba. "Mapaipi a kopa a mafuta a m'boti angachite? Ndili nawo bokosi lonse."

"Ndiye mwamaliza ndinu, patarawu."

Lachinayi lonse anthu awiriwo anagundanitsa mitu pa benchi. Domingos anaboola maliveti akale mmodzimmodzi ndi dirilo ya pamanja, mosamala ngati akuchotsa minga m'phazi la khanda. A Basil anadula paipi ya kopa tizidutswa tofanana, ndipo apa zaka zawo za pa maboti zinaoneka, chifukwa panalibe kachidutswa kamene kanaposa kanzake. Anakhoma, anayeza, anakhomanso. Domingos anapala chitsulo chachikulu cha ku injini ndi sanipepa mpaka mawanga a moto anachoka. Kenaka anatenga mpini wa khasu lake, naudula, nausema ndi mpeni, akuuyesa pa bowo la puleti mpaka unalowa thinathina. A Basil anaonerera osaphethira.

"Kamtengo kaja ndi kameneka?"

"Kameneka. Ku Nampula tinali ndi kachitsulo, koma puleti sidziwa kusiyanitsa."

Lachisanu m'mawa analowetsa kamtengo, puleti inakhala pakati penipeni, namanga, nakasolola. Atatu aja anakweza giyabokosi. A Basil anakunga minofu kukonzekera nkhondo ya tsiku lija.

"Musakankhe," anatero Domingos. "Trevor, tembenuza shafutiyo pang'ono. Pang'ononso. Basi."

Giyabokosi inatsetsereka yokha, khutu! n'kupsompsona injini popanda mpata wolowa ngakhale tsitsi. A Basil anatsala kukamwa kuli yasa. Kenaka anaseka, kuseka kwa munthu amene watula mtolo wa miyala, mpaka misozi inalengeza.

Pofika masana mashafuti onse atatu anali m'malo, oyilo atathira. A Basil anatambasula dzanja, makiyi ali pachikhatho.

"Yambani ndinu."

Domingos anakhala pa chiwongolero, mapazi opanda nsapato. Analiza, naponda klatchi, giya nilowa mwakachetechete ngati mpeni m'papaya. Galimoto inachoka pa dzenje, inatuluka pa chipata, inakafika pa msewu wa tala, ndipo kumeneko anthu a ku Nkopola anamva kulira kumene anali asanakumvepo, pakuti a Basil zaka zonsezi ankaiyendetsa ngati boti. Lusia anatuluka m'kanyumba kawo akululutira, a Marita namulandira nthungululuyo, chitenje chili m'mwamba.

Loweruka kunacha ndi mitambo yakuda kummawa. Ananyamuka anayi: Domingos pa chiwongolero atavala jekete la a Basil, mwini galimoto pambali pake, Trevor ndi amayi ake kumbuyo. Anawoloka Shire, nakwera mapiri a ku Chowe, klatchi osatereka ngakhale pa chitunda chimodzi. Atasiya msewu waukulu, anakumana ndi matope aja. Pa dambo lina anapeza malole atatu atatitimira mpaka m'mimba, madalaivala atakhala pamwamba pa matumba, akuwotha dzuwa losaoneka. Mmodzi anakweza dzanja.

"Bwererani, achimwene! Pano padutsa mbalame zokha!"

Domingos anatsika, nayenda m'mphepete mwa dambolo akubaya pansi ndi ndodo. Anabwerera, napukuta mapazi, nalowa.

"Amayi, gwirani chipewa."

Anaika giya yachiwiri. Galimoto inalowa m'thope ngati ng'ona, mawilo onse anayi akukumba, matope akuuluka kupitirira denga. Inapendekera kumanzere, iye naibweza; inaterereka chammbali, iye naiwongola ndi dzanja limodzi, osachotsa phazi pa mafuta. A Marita ankatchula oyera mtima mmodzimmodzi. A Basil anagwira chitseko ndi manja awiri, akufuula ngati mnyamata wa pa bwalo la mpira: "Pita nayo! Pita nayo, mmisiri!" Anatulukira tsidya lina, madalaivala aja ataimirira pa matumba, akuwomba m'manja ndi kuliza mahutala.

Belu la tchalitchi linali lisanalire pamene anafika ku Katuli. Galimoto sinalinso yofiira, inali ya mtundu wa chulu kuyambira kumphuno mpaka kumchira, koma Trevor anatuluka suti ili mbee. Amayi a kumeneko anathamangira kudzaitsuka ndi ndowa, nayala zitenje pansi, ena akuimanga maluwa. Ukwati utadalitsidwa, Esther ndi mwamuna wake anakwera kumbuyo, ndipo mudzi wonse unathamanga pambuyo pawo mpaka ku bwalo la madyerero. Pakati pa khamulo panali anthu ambiri a ku Mozambique, ena amene anawoloka malire tsiku limodzi ndi Domingos. Atamuona pa chiwongolero, anayamba kumuitana dzina, amayi ena akulira ndi chimwemwe.

Nthawi ya zolankhula, bambo a Esther anayamikira asewere awo kuti ndi munthu wa mawu amodzi, mmisiri amene zitsulo zimamumvera. Anthu anawomba m'manja. A Basil anaimirira, nadikira phokoso lithe.

"Asewere, ulemuwo mwaupereka kolakwika. Ine galimoto iyi ndinaipha ndi manja angawa Lachiwiri, chifukwa cha kuuma mutu. Amene anaidzutsa ndi awa." Anagwira Domingos padzanja, namuimiritsa pakati pa bwalo. "Akhala pakhomo panga zaka zitatu, ine ndikuwatuma madzi. Kuyambira Lolemba, pansi pa bwemba paja patsegulidwa galaja. Zipangizo ndi zanga, mmisiri wamkulu ndi Che Domingos, wophunzira ndine."

Bwalo linaphulika. Ng'oma zinalira osadikira kuuzidwa, ndipo Domingos, munthu wosayankhula zambiri, anangoweramitsa mutu akumwetulira, mpaka Esther ndi velo yake anabwera kudzamukokera m'gule.

Galajayo inatsegulidwadi, ndipo chisanathe chaka, maLand Rover a mabungwe othandiza othawa nkhondo ankachita mzere pa khomo la a Mkwanda. Wina akafunsa a Basil kuti mmisiri wotere anamupeza kuti, iwo ankaloza kudimba, napukusa mutu podziseka okha. Munthu wobwera wapansi, wosadziwika dzina, tisamamuyeze ndi mtolo umene wasenza pamutu, pakuti zimene wanyamula m'mutumo sitiziona. Akuluakulu sananame ayi: mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.